Chishalo cha njinga ya mpikisano chikundipweteka kutsogolo, ndigule chotani?

Wongoyamba kumene

Moni nonse. Ndine mzimayi, ndangoyamba kupalasa njinga mwezi uno. Njinga yake ndi ya kaunjika, ya mpikisano ija ya matayala opyapyala ndi mahandulo opindikira pansi. Chishalo chimene inabwera nacho n'chachitali, chopapatiza, pakati palibe bowo. Ndikapalasa mphindi 20 kapena 30, kutsogolo kumaliseche kumayamba kuwotcha, kenako dzanzi, ndipo ndikatsika kukodza kumawawa. Matako sapweteka kwenikweni.

Anthu akundiuza zosiyana. Wina akuti ndigule chishalo chachikulu cha masipuling'i ngati cha akabaza, wina akuti ndiveke chophimba cha gel, chofewa chija ngati siponji, pamwamba, wina akuti ndingopirira, thupi lizolowera. Ndalama zogulira zishalo zitatu zinayi zongoyesera ndilibe. Ndiyambire pati? Kutalika kwanga ndi 1.62 m, kulemera 63 kg.

Makaniko wa njinga

Achemwali, mwachita bwino kutchula malo enieni amene akupweteka, chifukwa yankho lagona pamenepo. Pa malangizo atatu mwapatsidwawo, musatsate ngakhale limodzi.

Kupirira kumathandiza pa ululu wa mtundu umodzi wokha, wa mafupa awiri a m'matako, aja mumawamva mukakhalitsa pa benchi ya thabwa. Amenewo amazolowera pakatha milungu iwiri kapena itatu mukamapalasa maulendo afupiafupi pafupipafupi. Dzanzi ndi kuwotcha kwa kutsogolo n'kwina, sikuzolowereka. Kukutanthauza kuti thupi latsamira pa mnofu wofewa m'malo motsamira pa mafupa, ndipo mitsempha ikupanikizika.

Chishalo cha kabaza chinapangidwira munthu wokhala msana uli njo. Pa njinga yanu mumawerama, chiuno chimapendekera kutsogolo, ndiye chishalo chotambalala choterocho chimakwecha mkati mwa ntchafu mwendo ukatsika uliwonse. Miyendo ikamazungulira maulendo 80 pa mphindi, pa ola ndi maulendo 4,800. Khungu silingapirire. Chophimba cha gel nacho chimanyenga: ukachidina ndi chala m'sitolo chimakoma, koma ukakhalapo mafupa amamira, gel wothawa pansi pa mafupa amatukumukira pakati n'kukafinya malo omwe aja mukufuna kuwapulumutsa. Komanso chimaterereka uku ndi uku.

Chofunika n'chishalo cholimbirako, chotambalala mokwanira kuti mafupa awiri aja atere pamwamba pake. Ndiye muyambe mwayeza mafupawo. Pezani katoni yokhuthala ya mizere mkati, monga ya sopo kapena ya mafuta ophikira, mudule chidutswa cha 30 cm mbali zonse. Chiikeni pa sitepe ya simenti kapena pa mpando wa thabwa, osati pa sofa. Valani chovala chopyapyala, jinzi ayi. Khalanipo, mapazi apondere pa njerwa kuti mawondo akwere kuposa chiuno, weramani pang'ono, ndipo mudzikanikizire pansi kwa masekondi 30. Mukadzuka mupeza timaenje tiwiri. Ngati sitikuoneka bwino, gonekani choko n'kupaka pamwamba ponse, timaenjeto titsala tosadetsedwa. Ikani kadontho pakatikati pa kalikonse, yezani ndi lula kuchoka pa kadontho kufika pa kanzake, m'mamilimita. Chitani katatu ndi makatoni atsopano, mutenge nambala ya pakati.

Pa nambalayo onjezani 20 mpaka 25 mm. Mukapeza 120, funani chishalo cha m'ma 143. Mukapeza 130 kapena kuposerapo pang'ono, cha 155. Mwachitsanzo a Specialized amapanga zishalo zawo zambiri mu 143, 155 ndi 168 mm, pamene a Selle Italia amalemba S pa zopapatiza ndi L pa zotambalala. Zishalo zobwera ndi njinga za mpikisano kawirikawiri zimakhala pakati pa 130 ndi 143 mm, ndipo akazi ambiri mafupa awo ndi otalikirana kuposa a amuna, ndiye amagwera m'mbali motsetsereka, pakati pa chishalo n'kumakubayani ngati mwakhala pa msomali wa denga. Yezaninso chishalo chanu pamene chatambalala kwambiri, mudzatiuze. Mawu oti chishalo n'cha akazi olembedwa pa katoni musawadalire okha, lula ndiye mboni.

Mphunzitsi wa opalasa

Zoyeza mafupazo n'zoona, koma ine ndikuti musatulutse ndalama musanakonze kakhalidwe ka njingayo. Chishalo chabwino chikaikidwa molakwika chimapweteka chimodzimodzi, ndipo munthu amachitaya chosalakwa. Zinthu zake n'zitatu: kukwera kwa chishalo, kupendekeka kwake, ndi kutalikira kwa mahandulo.

Kukwera. Imani chotsamira khoma, opanda nsapato, mapazi otalikirana pang'ono. Lowetsani buku lachikuto cholimba pakati pa miyendo, likwere mpaka likukanikizeni ngati chishalo, wina alembe pakhoma pamene pafika msana wa bukulo. Yezani kuchokera pansi. Nambalayo muichulukitse ndi 0.883. Njira imeneyi imadziwika ndi dzina la Greg LeMond, amene anapambana katatu Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France. Ngati mwapeza 78 cm, yankho ndi 68.9 cm, ndipo mumayeza kuchokera pakati pa bawuti imene yagwira mkono wa pedulo ku fulemu, kutsata chitsulo chokwera ku chishalo, mpaka pamwamba pa chishalo. Ndi poyambira chabe. Kuti mutsimikize, tsamiritsani njinga kukhoma, khalanipo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke wonse popanda chiuno kupendekera mbali imeneyo. Mukabwezera phazi pamalo pake, bondo likhala lopindika pang'ono, ndiye zili bwino.

Chishalo chikakwera kwambiri, chiuno chimagwedera uku ndi uku pofunafuna pedulo, ndipo mnofu wa pakati umakhala ukupekesedwa pa mphuno ya chishalo ulendo wonse. Pemphani wina akutsateni kumbuyo akuoneni. Matako akamavina, tsitsani.

Kupendekeka. Imikani njinga pamalo athyathyathya, gonekani kathabwa kowongoka pa chishalo, pamwamba pake muike levulo ya amisiri omanga nyumba kapena foni yokhala ndi levulo. Yambani chili chathyathyathya. Ngati kutsogolo kukupanikizabe, weramitsani mphuno digiri imodzi kapena awiri. Mphuno yoloza kumwamba, ngakhale pang'ono pokha, imabweretsa ndendende zimene mwafotokozazi. Koma musapyoze muyeso: mukaweramitsa kwambiri mumatsetserekera kutsogolo, manja amachita dzanzi pokukankhirani m'mbuyo, ndipo mapeto ake mumakhala pa mphuno yopapatiza yomwe ija mumaithawa. Nkhaniyi si ya ongoyamba okha. Bungwe la UCI, loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, linkaletsa chishalo kupendekeka kuposa madigiri atatu, koma mu 2016 linalola mpaka madigiri 9, ena mwa amene anakakamiza kusinthaku akunena za kuvulala kwa akatswiri, makamaka achizimayi. Iwo amawerama kwambiri kuposa inu, ndiye 9 si nambala yanu.

Mahandulo. Apa ndi pamene njinga za kaunjika zimagwetsa akazi ambiri. Munthu wa 1.62 m amafuna fulemu ya m'ma 49 mpaka 51 cm, koma zimene zimapezeka kwambiri ndi za 54 ndi 56, zopangidwira amuna ataliatali. Mukamadzikoka kuti mufikire mabuleki, chiuno chimagubudukira kutsogolo, kulemera kumachoka pa mafupa a m'matako n'kupita pa fupa la pachinena ndi mnofu wozungulira. Kafukufuku wina wa ku yunivesite ya Yale ku America mu 2012, pa akazi opalasa njinga, anapeza kuti amene mahandulo awo ali pansi kuposa chishalo amapanikizika kwambiri malo amenewa ndipo amamva mochepa akakhudzidwa. Kwa wongoyamba, pamwamba pa mahandulo pakhale pofanana ndi chishalo kapena kutsikirapo 2 cm basi.

Kakonzedwe kake kakutengera stem, kachitsulo kolumikiza mahandulo ku foloko. Ngati ndi yamakono yomanga ndi mabawuti awiri m'mbali, mutha kuitembenuza kuti iloze m'mwamba, ndi kusamutsa timaling'i tili pamwamba pake kupita pansi. Pomanganso, yambani ndi bawuti ya pa chivindikiro cha pamwamba mpaka foloko isiye kugwedera, kenako ya m'mbali. Mukayamba ndi ya m'mbali, kugwederako sikutha. Ngati ndi yachikale yolowa m'kati mwa foloko, masulani bawuti ya pamwamba ndi Allen key ya 6 mm, igogodeni pang'ono, kwezani, koma mzere wolembedwa pa stem usatuluke kunja. Stem ya 110 kapena 120 mm muisinthe ndi ya 80 kapena 90. Chimene musachite ndi kukankhira chishalo kutsogolo kuti mufupikire mahandulo. Kutero kumataya kulemera konse pa manja ndi pa mawondo.

Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, 3 mpaka 5 mm basi, ndipo matani tepi pamene chinali kuti mukasochera mubwerere.

Namwino wopalasa

Asisi, tinene zimene simungafunse bambo wa m'sitolo. Bowo la pakati pa chishalo silithandiza mkazi aliyense mofanana, chifukwa kumusiku sitinafanane. Ena milomo ya mkati ndi yaifupi, yobisika. Ena ndi yaitali, yotulukira kunja, kaya mwachibadwa kaya chifukwa cha mwambo wokoka umene atsikana ambiri kwathu kuno amaphunzitsidwa. Pa chishalo zimenezi zimawerengedwa.

Kwa amene ili yaifupi, bowo lalitali wamba limakwanira. Kwa amene ili yaitali, bowo lopapatiza la m'mphepete molimba limatha kutsina, kapena mnofu umalowa m'bowomo, magazi n'kudzazana, munthu n'kutsika atatupa. Pamenepo njira zilipo zitatu. Yoyamba, bowo lalikulu ndithu, lofika mpaka kufupi ndi mphuno, la m'mphepete mozungulira bwino. Yachiwiri, chishalo chokhala ndi ngalande yodzazidwa ndi siponji yofewa m'malo mwa bowo, monga mtundu wa Mimic umene a Specialized anatulutsa mu 2018 poona vuto la kutupali. Yachitatu, zishalo za mphuno yogawanika pawiri monga za ISM, zimene mumakhalira pa nthambi ziwirizo, pakati pali mphako. Zachitatuzi ena amaziona zotambalala kwambiri pakati pa ntchafu. Musanagule chilichonse, yendetsani chala chachikulu m'mphepete mwa bowo mukudina. Mukamva ngodya yakuthwa ya pulasitiki pansi pa chikopa, chisiyeni.

Theka la nkhani ya chishalo ndi chovala. Kabudula wa opalasa, uja wothina wokhala ndi kathewera mkati, amavalidwa wopanda panti. Ndikudziwa kuti zikumveka zachilendo, koma msoko ndi lasitiki wa panti ndi zimene zimacheka khungu, ndipo nsalu ya thonje imasunga thukuta. Kabudulayo agwire thupi, akakhala wokhwepa kathewera kamapindika n'kumakwecha. Ngati kuyenda ndi chothina pamsewu kukukuchititsani manyazi, valani kabudula wotaya kapena siketi yaifupi pamwamba, wopanda msoko wokhuthala pakati. Chitenje chikhale m'chikwama chomangira mukatsika. Pa njinga yamtunduwu chimakundikana pansi panu, komanso chimakodwa mu tcheni.

Mukafika, vulani nthawi yomweyo, sambani, valani zouma. Osakhala pakhonde n'kumacheza muli m'kabudula wonyowa, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Muchapeni ulendo uliwonse, muyanike padzuwa atatembenuzidwa. Pamene pakukwechana, m'mphechepeche, pakani mafuta opangidwira zimenezi kapena Vaseline pang'ono, kunja kokha. Musamete ndi lezala dzulo lake la ulendo wautali, tsitsi lomera limabaya ndipo timabowo ta tsitsi timatupa. Kudula ndi sizasi kuli bwino. Masiku osamba, padi imakundikana ndi kusupula khungu, ndiye ngati simugwiritsa ntchito kapu ya msambo kapena tampon (kathonje kolowetsa mkati), fupikitsani ulendo.

Pamsewu, mphindi 10 kapena 15 zilizonse imirirani pa mapedulo kwa masekondi 20 kuti magazi ayende, ndiponso dzukani pang'ono pa hampu ndi pa maenje.

Kachotupa kakatuluka, pumulani masiku awiri atatu, thowani ndi kansalu ka madzi ofunda, osakafinya. Kakamakula, kakachita mafinya ambiri, kapena thupi likatentha, pitani kuchipatala. Za kukodza kowawa mwatchulazo: ngati kukutha patapita maola ochepa, n'kupekeseka chabe kwa potulukira mkodzo. Kukapitirira tsiku, kapena mukukodza pafupipafupi, mkodzo wa mtambo kapena wa magazi, kayezetseni, atha kukhala matenda a m'chikhodzodzo, ndipo amenewo chishalo chatsopano sichichiza. Dzanzi losatha pofika mawa lake nalonso si loseweretsa. Njinga iyambe yapuma.

Wa matayala

Kongowonjezera kakang'ono. Opopa matayala m'mbali mwa msewu amapopa mpaka tayala lilire ngati ng'oma, ndipo kugunda konse kwa phula lokakala kumathera m'chishalo. Pa 63 kg, matayala otambalala 28 mm amafuna 60 mpaka 70 psi (muyeso wa mpweya umene umaoneka pa geji ya pampu), a 25 mm m'ma 75 mpaka 80. Ngati muli ndi a 23 mm ndipo fulemu ili ndi mpata, akatha muike a 28. Osatsitsa mopitirira, mungatsinitse chubu pa dzenje.

Wongoyamba kumene

Zikomo kwambiri nonse. Ndayeza katatu: 131, 133, 132. Chishalo changa ndi 134 mm pamene chatambalala kwambiri. Mwendo wa mkati 75 cm, ndiye ndapeza 66.2 cm, koma chishalo chinali pa 69. Mphuno inalozanso kumwamba pang'ono. Fulemu yalembedwa 52, stem 110 mm. Ndatsitsa ndi kuwongola, kuwotcha kwachepa koma dzanzi likubwerabe ikakwana mphindi 40. Ndapeza zishalo ziwiri zogwiritsidwapo kale ntchito: china chachifupi cha 155 mm cha bowo lalikulu, cholimbirako, china cha 168 mm cha gel wofewa kwambiri. Pansi pa chishalo changa pali bawuti imodzi yokha. Nditenge chiti, ndipo chilowa?

Makaniko wa njinga

Mafupa a 132 pa chishalo cha 134, ndiye kuti munali mutakhala m'mphepete mwenimweni. 132 kuonjeza 20 mpaka 25 ndi 152 mpaka 157. Tengani cha 155. Cha 168 chofewacho chikukankhirani kutsogolo ndi kukukwechani kumene thako limakumana ndi ntchafu.

Poti n'chakale, chitembenuzeni muone pansi musanapereke ndalama. Chigoba cha pulasitiki chisakhale ndi mng'alu, makamaka m'mbali mwa bowo, poti ndi pamene chimayambira kusweka. Chigonekeni pa tebulo: nsimbi ziwiri za pansi zikhale zowongoka mofanana, chishalo chisapendekere mbali imodzi. Chishalo cha njinga imene inagwapo chimakhala chopindika pang'ono, diso silimaona msanga koma chiuno chimamva. Dinani ndi chala pamene pamatera mafupa. Siponji ibwerere, ndipo musafike pa pulasitiki mosavuta. Samalaninso ndi zongotengera zotchipa zolembedwa mayina a makampani akuluakulu. Maonekedwe amafanana, koma chigoba chimakhala chouma gwa, kapena chimafwamphuka pakati pakatha miyezi yochepa.

Za kulowa: nsimbi zachitsulo zozungulira ndi za 7 mm pafupifupi pa zishalo zonse, ndiye zilowa pa chomangira chanu. Zimene zimavuta ndi za carbon, zopepuka zosakhala zachitsulo, zimene zimakhala 7 ndi 9 mm, zosazungulira. Zimenezo sizilowa pa chomangira chilichonse, ndipo mukazikakamiza zimasweka. Kwa inu n'zosafunika n'komwe.

Musanachotse chakale, lembani miyeso iwiri. Woyamba ndi kukwera kuja, 66.2 cm. Zishalo zimasiyana kukhuthala, ndiye mukamanga chatsopano muyezenso, musadalire tepi ya pa chitsulo. Wachiwiri ndi kutalikira kwa chishalo kuchoka ku mahandulo, koma musayezere pa nsonga ya mphuno. Zishalo zazifupi zimakhala m'ma 240 mm pamene zazitali zimafika 270 kapena 280, ndiye mukafananitsa mphuno mukhala mutasunthira kutsogolo masentimita atatu. Chitani chonchi: dulani mpata wa 7 cm m'kachidutswa ka katoni, kalowetseni kuchokera ku mphuno mpaka kagwire mbali zonse ziwiri, ikani chizindikiro pamenepo, yezani kufika pakati pa mahandulo. Chitani chimodzimodzi pa chatsopano, miyeso ifanane. Chomangira chigwire pakati pa mizere yolembedwa pa nsimbi. Chikapyola mzere, nsimbi imapindika.

Bawuti imodziyo kawirikawiri imamasulidwa ndi Allen key ya 6 mm. Vuto lake n'loti zomangira zambiri zotere zili ndi mano, ndiye chishalo chimadumpha kuchoka pa dzino kupita pa linzake, malo amene mukufuna n'kukhala pakati. Zikatero sankhani dzino loweramitsa mphuno pang'ono, osati lokweza. Zikakanika ndithu, gulani chitsulo chonyamula chishalo cha mabawuti awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, chimene mumamasula ina n'kumanga inzake mpaka digiri ikwane. Zulani chanu muwerenge nambala yodindidwa kumunsi kwake, imene imasonyeza kunenepa kwake, kawirikawiri 27.2 mm, ndipo chatsopano chikhale cha nambala yomweyo ndendende. Pakani girisi pang'ono ngati zonse n'zachitsulo kapena aluminiyamu, kuti chisadzagwirane ndi dzimbiri. Pa chishalo chachifupi chokwera kumbuyo, levulo muiike pa theka la kutsogolo lokha, osati kuchokera kumchira, apo ayi mphuno idzaloza kumwamba inu mukuti chawongoka.

Fulemu ya 52 yakulirani pang'ono koma ndi yotheka. Ikani stem ya 80 kapena 90 mm, yoloza m'mwamba, muonetsetse kuti kukula kwa pogwira mahandulo kukufanana ndi kwanu, poti zamakono ndi 31.8 mm pamene zakale ndi 25.4 kapena 26.0. Mukatero chipatseni chishalocho maulendo atatu a mphindi 45 mpaka ola, masiku osatsatizana. Mafupa a m'matako akamawawa pang'ono, ndiye kuti chikugwira pamalo pake, pitirizani. Dzanzi likabwerabe, weramitsani mphuno digiri imodzi ina muyesenso. Mukaona kutupa m'mbali motsata mphepete mwa bowo, ndiye kuti kutambalala mwapeza koma bowolo si lanu, ndipo mufune cha 155 chomwecho cha ngalande yodzaza chimene anena anamwino aja.